Musandipatse Moni, Baba

Bambo anga sanagwirepo ntchito mu ofesi. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa kwa zaka zitatu zathunthu ndinkauza anzanga a kusekondale kuti iwo ndi kalaliki pa esiteti ya tiyi, wokhala pa tebulo cholembera chili kukhutu. Zoona zake n'zakuti ankathyola tiyi nyengo ya mvula, kudulira m'miyezi yozizira, ndipo kunja kukauma ankapatsidwa ntchito yolondera moto m'minda. Tinkakhala kukomboni, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene ndinabadwiramo. Nyumbayo inali ya kampani. Agogo anga aamuna anachokera ku Mulanje wapansi ali mnyamata kudza kudziko la Achishona kuno, anafera pa esiteti pomwepo, ndipo mudzi wina ife tinalibe. Anzathu Achishona ntchito ikatha ankakweza katundu m'basi n'kubwerera kwawo. Ife ntchito ya bambo ikanatha, denga likanathera pomwepo. Zimenezi aliyense kukomboni ankazidziwa, ngakhale mwana woyenda wosavala.

Sukulu yathu inali kufupi ndi tauni ya Hauna, mtunda wa ola ndi theka wapansi. M'mawa uliwonse ndikafika pa mlatho ndinkatsuka mapazi, kuvala nsapato zimene ndinkanyamula m'manja, n'kusiya Chinyanja changa kutsidya komweko. Kuchokera pamenepo ndinali munthu wa Chishona chosalala ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndinali nditamva mmene ana ena kusukuluko ankawasekera ana a kukomboni, kuwatcha mabhurandaya, anthu opanda kwawo, ndipo ndinalumbira kuti dzina limenelo ine silidzandikhudza. Mutu wanga unkagwira, makamaka masamu, ndipo ndinkadzimva shuga kwabasi.

Chinali chaka chija mashelefu a m'masitolo anali mbee, aphunzitsi akuthawira ku Joni mmodzimmodzi. Mphunzitsi wathu wa sayansi sanathawe, kaya n'chifukwa chotikonda, kaya kusowa yokwerera. Anali bambo wa ku Mutare, woonda ngati nsungwi, woyankhula ndi manja. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi kabuku kong'ambika chikuto n'kulengeza kuti masukulu a m'chigawo adzapikisana ku Mutare kuulutsa maroketi. Osati timabotolo ta madzi timene ana amaseweretsa tija, ayi. Roketi yeniyeni ya moto, yoti ikwere kupitirira ya aliyense, itsegule palachuti, itsike bwinobwino itanyamula dzira losasweka. Dzira, amwali! Chaka chimene anthu tinkagonera nthochi zaziwisi zowiritsa, munthu wophunzira ankafuna kutumiza dzira kumitambo.

Tinalembetsa anayi. Panali mnzanga wapamtima, mwana wa nesi wa kukiliniki, panali anyamata awiri, wina mwana wa wapolisi, wina mwana wa mwini chigayo, kenako ine. Atatuwo anakulira m'matauni osiyanasiyana n'kubwera ku Hauna ndi makolo awo. Tiyi ankamudziwira m'kapu basi.

Tinagwira ntchitoyo miyezi itatu. Thupi la roketi linali paipi ya pulasitiki, zipsepse tinadula pa desiki lothyoka, mphuno yake anasema mwana wa kuchigayo uja. Palachuti inachokera ku ambulera yakutha ya aphunzitsi, ndipo ndine ndinasoka. Yanganso inali ntchito yowerengera pamene kulemera kuyenera kukhala kuti chinthucho chisayende chopepesuka. Zoyaka za m'kati aphunzitsi ankasakaniza okha atadzitsekera, ife tikusuzumira pa windo. Tinayamba ndi ting'onoting'ono tiwiri toyesera. Koyamba kanaphulikira pansi pomwepo n'kutisiya makutu akulira. Kachiwiri kananyamuka, kanatembenuka, n'kukalowa m'dimba la kabichi la a hedi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Kuyambira tsiku limenelo a hedi analetsa kuyatsa chilichonse pa sukulu.

Yaikuluyo inatha mu Ogasiti. Inkandifika m'phewa, yopakidwa utoto wofiira wotsala wa zitseko. Inafunika kuyesedwa tisanapite nayo ku mpikisano, choncho aphunzitsi analembera kalata manijala wa esiteti kupempha bwalo la mpira Loweruka m'mawa. Yankho linabwera lovomera. Anzanga anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo, chifukwa esitetiyo inali yathu yomwe ija, ndipo bwalolo linali poonekera kuchokera kukomboni.

Loweruka m'mawa ndinapeza bambo pakhomo akuvala majombo. Nkhani ya roketi ankaidziwa. Anali atandiona ndikusoka palachuti, anaigwiragwira ndi zala zawo zong'alukazo, akupukusa mutu ndi kumwetulira.

"Ndamva kuti ndege yanu iuluka lero," anatero. "Ndiioneko ine, mayi?"

Ankanditcha mayi kuyambira ndili khanda, poti ndinatenga nkhope ya amayi awo.

"Baba," ndinayankha ndikuyang'ana pansi, "mukationa musandipatse moni. Musabwere pafupi. Ticha safuna makolo."

Anasiya jombo lili theka kuphazi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Bambo anga sukulu analekezera giredi yachitatu, koma opusa sanali. Bodzalo analiona monga mmene munthu amaonera ntchentche mumkaka.

"Chabwino, mayi. Ndamva."

Anamaliza kuvala, anatenga chisoti chawo, n'kumapita. Ine ndinazungulira njira yakuseri kukafika pa siteji ya makombi, maminibasi aja, kuti anzanga akamatsika andipeze ngati wochokera ku nyumba za akuluakulu.

Titafika pa bwalo la mpira tinapeza padzaza. Achinyamata a chipani anali pa msonkhano, akuimba ndi kuthamanga mozungulira. Chaka chimenecho anthu otere sunkawaonetsa kalata, ndipo sunkafuna akufunse kuti chachitali chimene wakulunga m'bulangeti n'chiyani. Aphunzitsi anatitembenuza mwakachetechete, tinalowa msewu wa mathirakitala wokwera pakati pa minda. Tinayenda ndithu, roketi paphewa, batire ya galimoto tikulandizana, mpaka mwana wa wapolisi anaima n'kuloza ndi chala.

"Ticha, tarisai uko! Pakashama. Palibe mtengo ngakhale umodzi."

Analoza munda wodulidwa kumene. Kwa munthu wongodutsa mumsewu, munda wotere umaoneka ngati bwalo: zitsamba zonse zadulidwa kulekeza m'mawondo, pamwamba pali see ngati tebulo, zobiriwira palibe. Koma nthambi ndi masamba zimene amadula sazichotsa. Amazisiya pansi pomwepo kuti ziphimbe nthaka, ndipo pofika Ogasiti zimakhala zitauma gwa, ukaponda zimalira. Ine ndinakula ndikuperekera bambo chakudya m'minda yotere. Ndinkadziwa kuti mmenemo munthu saloledwa ngakhale kusuta, ndinaonapo mkulu wina akuchotsedwa ntchito chifukwa chongopezeka ndi machesi m'thumba. Ndinkadziwanso kuti mphepo ya kumeneko dzuwa likakwera imatembenuka n'kumakwera phiri.

Ndipo munda umenewo ndi umene bambo ankalondera. Pamwamba pake panali kachisakasa kawo, chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo choimbira moto ukabuka, ndi mgolo wa masaka onyowa. Ndinayang'ana kumeneko. Munalibe munthu. Kutali kumunsi ndinaona ovolosi yabuluu ya bambo ikutsetsereka mofulumira kulowera ku mitengo ya bulugama ya kumtsinje, mutu uli pansi. Anationa tikubwera, ndiye anandimvera.

Aphunzitsi anaponda nthambi zija, zinati tswa, iwo anakwinya nkhope pang'ono n'kutembenukira kwa ine, poti ndine ndinkakhala pa esitetipo.

"Iwe unogara kuno. Pakanaka here apa? Palibe vuto?"

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, ndipo woimva ndinali ine ndekha. Mawu anali pakamwa penipeni: ticha, apa ayi, pano n'pa moto. Koma akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo mwana wa wapolisi, amene kamwa lake linali lopanda chitseko, anali akundiyang'ana. Ndinakweza mapewa.

"Ini handizivi zvemumunda, ticha. Baba vangu vanoshanda muhofisi."

Ndinatero ndithu. Ndinati za m'munda sindizidziwa, bambo anga ndi a mu ofesi. Ndinanena ndi mawu okoma, osanjenjemera n'komwe.

Anyamata anapalasa ndi mapazi kamalo kakang'ono pakati pa mizere, kosakwana n'chitseko chomwe. Tinaimika ndodo yachitsulo, tinalowetsa roketi, mnzanga uja anaika dzira m'kabokosi kake ka thonje. Tinatambasula waya mpaka mumsewu. Aphunzitsi anawerenga chobwerera, anagunditsa waya pa batire.

Sindinama, chinali chinthu chokongola. Inalira ngati nsalu yaikulu ikung'ambika, inanyamuka mowongoka monga mmene masamu anga ananenera, utsi woyera uli pambuyo, mpaka inasanduka kadontho. Anzanga anakuwa, aphunzitsi anaponya chisoti m'mwamba. Onse maso anali kumitambo kudikira palachuti. Ine ndekha ndinayang'ana pansi, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikaone. Pamene roketi inanyamukira panali kamoto kakang'ono kakuyenda m'masamba, ndipo ndisanatsegule pakamwa mphepo inakanyamula.

Moto wa m'munda wodulira suyenda, umathamanga. Tinayesa kuupuntha ndi majuzi ndi bulangeti lija koma unkangotiseka. Kenako ndinamva kupuma kwa munthu wothamanga chokwera phiri. Bambo anatidutsa osatiyang'ana, anakafika pa kachisakasa, anayamba kumenya chitsulo ndi mphamvu zawo zonse. Akanakhala pamalo pawo, chitsulocho chikanalira utsi woyamba utangooneka. Kunena zoona, akanakhala pamalo pawo sakanatilola n'komwe kuimika ndodo ija. Anthu a kukomboni anabwera ndi masaka ndi nthambi zaziwisi, amuna ndi akazi, koma thirakitala ya madzi inalibe dizilo. Munda wonse unapsa, moto unadumpha msewu n'kudyako mbali ina ya munda wobiriwira.

Nthawi ina utsi unandizinga, ndinagwada ndikutsokomola, osaona kolowera. Dzanja linandigwira pa kolala n'kundikokera kunja. Anali bambo, nsidze zitapserera, nkhope ili bii. Anzanga anali pafupi. Anandikankhira kutsogolo n'kundiyankhula m'Chishona chawo chopindikacho, monga mmene munthu amayankhulira mwana wa eni ake.

"Musikana, enda kumugwagwa."

Ndiko kuti, mtsikana iwe, pita kumsewu. Ngakhale m'kati mwa moto, moni sanandipatse. Madzulo ake mwana wa kuchigayo anakaipeza roketi itakodwa mumtengo kumtsinje. Dzira linali bwinobwino.

Kunyumba amayi anawafunsa akuwapaka mafuta m'manja mowauka: "Nanga inu munali kuti, bambo ake?"

"Ndinagona pansi pa mtengo."

"Inu? Kugona masana pa ntchito? Chiyambire liti?"

Bambo anangowapatsa dzanja linalo. Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinapeza chifukwa chotulukira panja.

Lolemba tonse tinaitanidwa ku ofesi ya esiteti: aphunzitsi, ife anayi, bambo, ndi kapitawo wa chigawo chawo. Manijala anali watsopano, anthu ake sankawadziwa. Aphunzitsi anachita zaumunthu. Anaimirira n'kunena kuti kulakwa n'kwawo, anapatsidwa bwalo la mpira koma anakayatsa m'munda. Manijala anawakalipira kokwanira, nati alembera a hedi. Kenako anati alendo osadziwa tiyi akhoza kulakwa, n'chifukwa chake kampani imaika mlonda. Funso lake linali limodzi: mlonda anali kuti?

Bambo anaima pafupi ndi khomo, chisoti chili m'manja omangidwa nsanza.

"Ndinagona, bwana."

Munthu amene zaka makumi atatu sanachedwepo pa sikelo yoyezera tiyi, mkulu wa mpingo, ananena zimenezo pamaso pa ana asukulu. Manijala anatifunsa ife ngati pali amene anamuona mlondayo moto usanayambe. Anzanga anapukusa mitu, ndipo iwo ankanena zoona. Nanenso ndinapukusa.

Kapitawo uja anali wakwathu, wa makolo a ku Thyolo, ndipo anandinyamulapo ndili wakhanda. Anawerama pang'ono n'kundiyankhula chapansipansi m'Chinyanja.

"Iwe mwana, ulibe mawu? Kunena zimene ukudziwa si mlandu."

Ndinamuyang'ana ngati sindinamve chiyankhulo chake. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imene ndinapanga, thupi limandiyabwa ndi manyazi. Kapitawo anatsonya n'kuyang'ana kukhoma. Bambo maso anali pa chisoti chawo.

Sindikudziwa ngati kuyankhula kwanga kukanawapulumutsa. Mwina manijala akanamva chisoni, mwina akanati mlonda wothawa malo ake chifukwa cha mwana ndi woipa kuposa wogona. Zimenezo ndazitembenuza m'mutu zaka zambiri, ndipo sizinditonthoza, chifukwa sindinakhale chete poganizira zimenezo. Ndinakhala chete chifukwa mwana wa nesi anali pambali panga. Bambo anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, nauzidwa kuti pakutha pa mwezi tikhale titatuluka m'nyumba. Amati choipa chitsata mwini, koma changa chinalakwitsa khomo.

Mpikisano wa ku Mutare sunachitike n'komwe. Masukulu anayamba kutsekeka okha, ndipo mphunzitsi wathu nayenso mapeto ake anakwera basi ya kumwera. Ine kusukulu sindinapite masabata awiri.

Mkulu wina wa mpingo wathu, wa makolo a ku Mozambiki, anali ndi munda wa nthochi kutsidya kwa mtsinje. Anatibwereka kachipinda kadothi kamene ankasungiramo makasu, bambo azimulimira maganyu. Tsiku losamuka tinabwereka ngolo yokankha. Ndinali kutulutsa mapoto m'nyumba, nditavala chitenje chong'ambika, pamene ndinamva dzina langa. Mnzanga mwana wa nesi anali ataima pakati pa komboni, atanyamula mabuku anga amene ndinasiya kusukulu. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Wadziwa bwanji kuno?" ndinamufunsa.

"Shamwari, tinkadziwa kale kale," anatero, akusakaniza ndi Chinyanja chochepa chimene anatola kukiliniki. "Kubvira fomu wani, chiyambire sekondale. Baba vako anabwera kwa amai atadzicheka ndi mpeni wodulira, nthawi yonse akuwasoka ankangonena za iwe. Mwana wanga ndi nambala wani pa masamu. Tonse tinkadziwa, ngakhale anyamata aja. Timangokusiya."

"Nanga ticha?"

"Ticha okha ndi amene anakukhulupirira."

Anaika mabuku pa ngolo, anapita kwa bambo, anawomba m'manja mwaulemu n'kuwapatsa moni. Kenako anatenga mtondo wa amayi n'kuusenza pamutu osafunsa. Ine ndinangoima ndi poto m'manja. Zaka zitatu ndinavutika kubisa chinthu chimene aliyense ankachiona, ndipo munthu mmodzi yekha amene ndinamupusitsa ndi amene anandifunsa ngati mundawo unali wabwino.

Amayi anasesa nyumba yonse mpaka m'makona, ngati tikuyembekezera alendo. Bambo anakapereka kiyi. Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, amayi ndi mnzangayo patsogolo, ine ndi bambo tikukankha ngolo. Pa chitunda china tinaima kupumula, awiriwiri. Ndinali nditakonza mawu ambiri masiku onsewo, koma amene anatuluka anali ochepa.

"Baba, simunagone."

"Sindinagone."

"Munationa tikuimika?"

"Ndinakuonani. Poyamba ndimati mukungodutsa. Nditaona mukulowa m'munda, miyendo inafuna kubwera. Koma ndinati mwana wanga ali pompo, mundawu akuudziwa, awauza yekha." Anapukuta thukuta ndi chisoti. "Ndiye ndinadikira."

Sananene mokalipa. Akanandimenya mbama bwenzi zitandipepukira. Ndinayamba kulira, kulira konyansa kwa mamina, ndikunena kuti pepani, pepani. Iwo anayang'ana kumbali kundipatsa mpata, kenako anatsokomola.

"Koma mayi, tandiuza. Paja ndinali pansi pa mitengo, ndinangoona poyambira. Inakwera mpaka pati?"

Ndinawauza ndikusisima kuti mitengo ya bulugama ija mutaisanjikiza khumi, mwina kupitirira.

"Khumi!" anatero, nkhope yonse ikuwala. "Ndi masamu ako amenewo?"

"Inde, baba."

"Eee. Tiye tikankhe."

M'kachipinda kadothi kaja tinakhalamo zaka zinayi. Denga linkadontha, amayi chifuwa sichinawathere, ndipo bambo, amene ankadziwa chitsamba chilichonse cha tiyi m'chigawo chawo, anakalamba akupalira nthochi za munthu wina. Nkhani ya kugona inawamatirira. Ngakhale kumpingo, akaimirira kupemphera, ndinkamva anyamata akunong'onezana kuti agogo atulo aja. Sanaikonze, ndipo ine, ngakhale ndinauza amayi zonse, sindinaimirirepo pagulu kuikonza iwo ali moyo.

Chimene ankakonda ndi alendo. Munthu akangokhala pansi, kaya ndi wogula nthochi, kaya m'busa, bambo ankandiloza ndi chibwano.

"Mwamuona uyu? Anaulutsa ndege ya moto. Mitengo khumi kusanjikiza! Ndinaona ndi maso angawa."

Mlendo ankadabwa, iwo ankaseka mpaka kutsokomola. Za moto, za nyumba, sankatchula n'kamodzi komwe. Ine akangoyamba nkhaniyo ndinkatenga ndowa kupita kumtsinje, ngakhale madzi ali odzaza m'nyumba.